A Kachale ndi Mayeso a Pensulo

Mukanafika ku Kitwe zaka zimenezo n'kufunsa za a Jairus Kachale, ambiri akanakupukusirani mutu. Koma mukanati mukufuna ba Dikishonale, ngakhale mlonda wapageti akanakulozerani ofesi yawo: chitseko chachitatu kumanzere, kosungira mafayilo a antchito. Anali kalaliki pa kampani ina ya boma yokonza makina a m'migodi, ndipo pofika chaka cha 1998 anali atakhala pa desiki limodzimodzilo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anali munthu wamfupi, wa dazi loyambira pamphumi, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala pamene phula la mumsewu limamata nsapato. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Maliro akagwa pakampani, kapena wina akamapuma pantchito, wopemphera sankachita kusaka.

Ukalalikiwo anachita kuyamwira. Bambo awo anachokera ku Dedza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, setifiketi ya kumishoni ili m'bokosi lachitsulo, n'kupeza ntchito yolemba mayina a anthu olowa pansi pa mgodi. A Jairus anabadwira m'komboni ya mgodi konko. Kunja ankayankhula Chibemba ngati mwana wina aliyense wa m'tauni, koma akalowa m'nyumba kunali Chichewa ndi Chingerezi basi, ndipo Chingerezicho sichinali cha masewera. Mkuluyo anasiyira mwana wake dikishonale yothothoka chikuto, komanso lamulo limodzi: kalaliki weniweni salemba pafomu asanalembe pambali. Uyambe walemba pa pepala lotha ntchito, uwerenge kawiri, ukhutire, ndiye ukopere pafomupo mwaukhondo. A Jairus anasunga lamuloli kuposa mmene anthu ena amasungira Sabata. Zaka zonsezo palibe fomu inatuluka m'manja mwawo ili ndi pofufuta.

Dzina la Dikishonale linachokera ku makope awo. Anali nawo asanu ndi anayi, a chikuto cholimba, ndipo anayamba kuwalemba akadali mbeta ya mwamuna yogona pa bedi lachitsulo. Akakumana ndi liwu lovuta la Chingerezi munyuzi kapena m'kalata ya mabwana, makamaka mawu aja ofotokoza khalidwe la munthu kapena chinthu, ankalilemba pamwamba pa tsamba ndi zilembo zikuluzikulu. M'munsi mwake ankandandalika mawu ena ofanana nalo tanthauzo, amene iwo ankawatcha abale ake.

"Mawu ali ngati anthu," ankatero. "Ukakumana ndi mlendo woopsa nkhope, usathawe. Mufunse kwawo. Upeza kuti mng'ono wake umamwa naye tiyi tsiku ndi tsiku."

Motero obstinate, liwu loti ungalume nalo lilime, mng'ono wake wa bere limodzi anali stubborn, pamene firm anali msuweni chabe, wofanana naye mphuno koma wa nyumba ina. Frugal ndi thrifty anali pachibale penipeni, koma stingy anali msuweni wochititsa manyazi amene sayenera kukhala patsogolo alendo akabwera. Kunena zoona, nthawi zina mkuluyu ankatopetsa. Munthu wabwera kudzapempha tchuthi cha maliro a apongozi ake, basi ikumusiya, iwo n'kuyamba kumulongosolera kuti melancholy si chimodzimodzi ndi sad. Koma anthu ankawakonda, chifukwa kalata yodutsa m'manja mwawo inkamveka ngati ya munthu wolemekezeka, ngakhale mwini wake ali wosesa.

Ankakhala ku Nkana East, m'nyumba ya kampani ya zipinda zitatu imene anailowa mu 1981 atakwezedwa kukhala kalaliki wamkulu. Kumbuyo kunali mitengo iwiri ya mapeyala ndi dimba la akazi awo, a Martha, la repu ndi tomato. Mwana wawo Keziya anali atabwerera pakhomopo ndi ana awiri, mwamuna wake atadulidwa ntchito kumgodi n'kulowera ku Botswana kukasaka ina. Makalata ake anabwera awiri, kenako zii. Ndiye anthu asanu ankadalira denga limenelo, ndipo dengalo linkayendera limodzi ndi ntchito. Wodulidwa ankapatsidwa miyezi itatu kuti atulutse katundu. Anzawo ankati zikavuta apita kumudzi, koma a Kachale kumudzi kwake kuti? Ku Dedza anapondako kawiri kokha moyo wawo wonse, ndipo ulendo wachiwiriwo anachita kufunsa njira kwa ana a sukulu. Analibeko munda, analibeko ngakhale khola la nkhuku.

Kampaniyo inali itayamba kale kudwala. Basi yonyamula antchito inafa n'kuiwalika. Mapepala anatha mpaka makalata ankatayipidwa kuseri kwa mafomu akale. Kenako inagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano anabwera ndi makompyuta komanso anthu a masuti opyapyala amene ankayenda m'maofesi akuwerenga mitu ngati ogula ng'ombe. Mu Seputembala chidziwitso chinamatidwa pakhoma: pa makalaliki khumi ndi asanu ndi anayi, otsala akhala asanu ndi mmodzi. Onse alembe mayeso a Chingerezi, ndipo okhoza kwambiri ndiwo akhale. Otsalawo adzaloledwanso kugula nyumba zimene akukhalamo.

Pansi pa chidziwitsocho panali chitsanzo cha mafunso. Anthu anaunjikana, nkhope zili gwa. A Kachale anavala magalasi n'kuwerenga. Funso lililonse linali liwu limodzi lovuta, pansi pake mawu anayi, iwe usankhe lofanana nalo tanthauzo. Anawerenganso kachiwiri, ndipo anachita kudziletsa kuti asaseke pakati pa anthu olira. Zaka makumi atatu anthu akuwanena kuti akutaya nthawi ndi makope, lero makope omwewo ndiwo asanduka denga.

"Ba Dikishonale, imwe mwapita kale," anatero wina. "Ise ndise tili m'madzi."

Masana a tsiku lomwelo kunabwera Gertrude Kapembwa, mayi wotayipa makalata m'chipinda choyandikana nacho, amene nayenso ankawerengedwa pa makalaliki aja. Anali wamasiye wa ana atatu, wokhala m'kanyumba ka kampani ka zipinda ziwiri. Zala zake pa makina otayipira zinkathamanga ngati matalala padenga, koma sukulu anailekeza panjira. Anaima pakhomo, manja atawapinda kutsogolo, n'kuyamba ndi liwu laulemu la Chibemba.

"Ba Kachale mukwai, nithandizeni. Kutayipa nitayipa, koma mawu aya akuluakulu niwaona chabe, siniwadziwa. Nikachoka pano nizayenda kuti na ana? Ni kwa akulu anga ku Mushili, ku Ndola, mu wani rumu."

A Kachale anakoka mpando. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nkhomaliro iliyonse, Gertrude ankabwera ndi chinangwa chootcha ndi mtedza m'kapepala, iwo n'kutsegula kope. Anamuphunzitsa njira yawo. Pa mawu anayiwo, yamba wathamangitsa mdani, liwu lotsutsana nalo, chifukwa okonza mayeso salephera kumuikapo. Kenako thamangitsa wodutsa m'njira, amene sakugwirizana ndi chilichonse. Utsala ndi awiri, m'bale ndi msuweni, ndipo apa m'pamene pamagwera anthu. Tenga liwulo ulivalike munthu amene ukumudziwa, uone loyenera.

"Lethargic," anatero tsiku lina. "Munthu wopanda changu, thupi lolemera. Muno m'kampani ndi ndani?"

"Ba Lighton a kusitolo! Akadya chabe, agona pa matumba."

"Chabwino. Pa sluggish ndi calm, malaya omukwana Lighton ndi ati?"

"Sluggish. Calm ni munthu wofatsa, koma ba Lighton sibofatsa, ni ulesi chabe."

Onse awiri anaseka mpaka kutsokomola mtedza. Mayiyo mutu unali wakuthwa, kungoti palibe anaunolapo. Pomatha masabata asanu ndi limodzi ankatha kupeza kuti garrulous ndi talkative, candid ndi frank, osayang'ana n'kope komwe. A Kachale ankabwerera kunyumba akuyenda ngati mnyamata.

A Martha okha ndi amene sanasangalale nazo.

"Bambo a Keziya, malo ndi sikisi okha. Inu mukuphunzitsa munthu wopikisana naye?"

"Anga ndi amodzi, mayi. Asanu enawo ndi a Mulungu, apatse amene akufuna."

A Martha anangoti "Mhm," n'kupitiriza kusadzula masamba.

Mayeso analembedwa Lachisanu lina mu Okutobala, m'chipinda chodyera antchito, matebulo atawatalikitsa. Woyang'anira anali Reuben Njobvu, bwana wa ofesi ya antchito. Reuben ameneyu anafika pakampanipo zaka khumi ndi zisanu m'mbuyomo asakudziwa n'kuboola pepala komwe, ndipo anali a Kachale amene anamuphunzitsa ntchito. Kenako anapita kukoleji n'kubwerako ali bwana wa mphunzitsi wake. Sanali munthu woipa. Masiku amenewo ankangooneka ngati munthu amene amutuma kukapha mbuzi yoleredwa pakhomo.

Anagawa mapepala awiriawiri, lina la mafunso, lina la mayankho. La mayankholo linali la mtundu umene a Kachale anali asanauonepo: mizere ya timabwalo ting'onoting'ono, tinayi pa funso lililonse, toti uzidetsa kamodzi ndi pensulo. Pochonga ankangosanjika pamwamba pake khadi lobooledwa, ndipo pamene bowo laonetsa kuda ndiye kuti wakhoza.

"Mafunso ni sixty, nthawi ni forty minutes," anatero Reuben. "Pepa ya mayankho ili na nambala yanu, ndipo ni imodzi chabe. Mukaiononga palibe ina. Yambani."

Fomu imodzi, ya nambala, yopanda ina yolowa m'malo. Kwa munthu woleredwa ndi bambo uja, mawu amenewo anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Dzanja linalowa lokha m'thumba la jekete n'kutulutsa envelopu yakale. Anaiyala, kuseri kwake n'kulemba manambala kuyambira wani mpaka sikisite m'mizere itatu yowongoka bwino. Fomu ija anaikankhira pambali kuti isadetsedwe ndi thukuta.

Ndiye anayamba, ndipo ankamva kukoma. Anzawo ankaluma mapensulo ndi kuusa moyo, iwo ali pakati pa anansi. Uyu ndi wa m'kope lachitatu, uyu anakumana naye munyuzi chaka cha chilala. Pena ankaima n'kumwetulira poona msampha umene okonza mayeso anatchera anthu osadziwa asuweni. Atafika pa sikisite anabwerera pa wani kuti awerenge kachiwiri, monga mwa lamulo. Anasintha limodzi. Atakhutira anakoka fomu ija, n'kunola pensulo, n'kuyamba kudetsa timabwalo. Ankadetsa ngati munthu wopaka utoto pa guwa, kuzungulira m'mphepete kaye, kenako pakati, osatulukira kunja ngakhale pang'ono, n'kuuzira fumbi lake. Wotchi inali pakhoma kumbuyo kwawo, ndipo moyo wawo wonse palibe anawauzapo kuti fomu ili ndi mphindi zake.

Anali atangomaliza kabwalo ka khumi ndi kamodzi pamene Reuben anawomba m'manja.

"Time up! Mapensulo pansi."

A Kachale anatukula mutu ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Anayang'ana fomu, mizere makumi anayi ndi isanu ndi inayi ili mbee. Anayang'ana envelopu, mayankho onse ali ndondondo. Reuben atafika pa tebulo lawo anagwira pepalalo, n'kuima. Maso awo anakumana. Kenako Reuben analilowetsa pansi pa mapepala ena n'kupitirira.

Kunja anthu anawazungulira, kufunsa yankho la funso ili ndi lija. Gertrude anabwera chothamanga, nkhope ikuwala.

"Ba Kachale, ninawapeza abale! Ninafika pa fifty-two. Garrulous analipo, mwamuona?"

"Ndamuona, mayi. Mwachita bwino."

Anayenda wapansi mpaka ku Nkana East, jekete ili pamkono, osamva n'dzuwa lomwe. Anapeza a Martha akuthirira tomato ndi ndowa. Anawafotokozera zonse ali chiimire pakati pa mizere, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati a munthu wopereka uthenga wa maliro. A Martha anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatula ndowa pansi.

"Ndiye mukuti mayankho onse munali nawo?"

"Onse."

"Pa envelopu."

"Ndi mmene timagwirira ntchito, mayi. Bambo anga ankati..."

"Bambo anu ali kumanda, ali ndi pogona! Ife tikagona pa envelopu? Zaka zonsezi ndapirira makope anu, kuwerenga pa tebulo chakudya chikuzizira, ndimati tsiku lina adzatithandiza. Lero tsikulo lafika, inu n'kukhala pansi kumakongoletsa timabwalo? Ana a Keziya tikawaika kuti? Mundiuze, popeza mawu ndiye muli nawo ambiri."

A Kachale anachoka m'dimbamo. Manyazi amene anawagwira sanali a munthu wolephera mayeso, koma a munthu amene wagwetsa banja lake ndi chinthu chomwe ankanyadira nacho. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, akuyang'ana mapeyala amene anadzala okha, akuganiza kuti chaka chamawa adzathyola ndi munthu wina.

Loweruka masana galimoto inaima pageti. Anatsika Reuben, atavala malaya a kumapeto kwa sabata, envelopu yaikulu yakhaki ili m'khwapa. Anapereka moni kwa a Martha mwaulemu, anakana tiyi, n'kukhala moyang'anizana ndi a Kachale pa katebulo ka pakhonde. Anasolola fomu ija n'kuiyala pakati pawo.

"Amdala, mabwana afuna ma results pa Monday. Ija pepa munalembapo muli nayo?"

A Kachale anaitulutsa m'thumba la malaya. Inali isanachokemo chichokere dzulo. Reuben anaiyang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera, n'kupukusa mutu.

"Imwe amdala imwe. Tengani pensulo mutsirize. Ine niyang'ana kumsewu."

"Reuben, nthawi inatha dzulo."

"Nidziwa. Koma mayankho ni anu. Palibe anakuuzani, palibe munaonera. Nikupatsani chabe ma minutes amene munataya. Munaniphunzitsa nchito imwe, nizakuonani bwanji mutulutsa mipando pamsewu?"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkapweteka. Mayankho anali awoawo, m'zilembo zawo, olembedwa m'chipinda cha mayeso nthawi isanathe. Wakuba amaba cha mwini, nanga iwo akanaba cha yani? Koma m'mutu mwawo munabwera makaniko wina wa mu 1989 amene anawagwadira muofesi, kupempha kuti amusinthire chaka chobadwa mufayilo kuti apume mochedwerako, ana ake amalize sukulu. Iwo anamudzutsa, anamupatsa mpando, n'kumuuza mofatsa kuti pepala likasainidwa lasainidwa. Munthu uja anatuluka akulira, iwo n'kugona tulo tabwino tsiku limenelo. Anakumbukanso anthu khumi ndi asanu ndi atatu amene anaika mapensulo pansi dzulo atauzidwa, ena ali pakati pa funso.

"Ine ndikalowa pa sikisipo," anafunsa, "wotsika ndi ndani?"

Reuben anayang'ana kumbali.

"Sininachonge, amdala."

Onse awiri ankadziwa kuti ndi bodza. Khadi lobooledwa lija silitenga ngakhale ola limodzi. A Kachale akanatha kufunsanso, ndipo Reuben akanawauza, chifukwa sankatha kuwanamiza kawiri. Sanafunse. Anaopa yankho, ndipo anadziwa kuti akuliopa.

Chitseko chinatseguka. A Martha anatuluka mwakachetechete, anaika pensulo ya mdzukulu wawo pa tebulo, yonoledwa kale, n'kubwerera m'nyumba osayang'ana aliyense. Kuseri kwa nyumba ana a Keziya ankakangana za mpira wa mapepala.

A Kachale anaiyang'ana pensuloyo nthawi yaitali. Kenako anaitola. Timabwalo makumi anayi ndi tisanu ndi tinayi tinawatengera mphindi zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo tina tinatulukira kunja kwa mzere. Reuben anabweza fomu mu envelopu, anatsanzika, n'kupita. Madzulo ake a Martha anapha nkhuku, koma mwamuna wawo anangotsina pang'ono n'kunena kuti mutu ukuwawa.

Mndandanda unamatidwa Lachitatu. Pamwamba penipeni panali J. Kachale, fifite naini pa sikisite. Palibe anadabwa. Anthu anawagwira chanza, ngakhale odulidwa amene, akunena kuti apa pokha mayeso anena zoona. Pansi pa dzina lachisanu ndi chimodzi panali mzere wofiira wolembedwa ndi rula. Dzina loyamba kunsi kwa mzerewo linali G. Kapembwa.

Anawerenga kawiri, monga mwa chizolowezi. Sizinasinthe. Anapita kuchimbudzi cha amuna, momwe madzi anasiya kale kutuluka, n'kuima atatsamira khoma.

Nyumba inapulumuka. A Martha anayamba kukamba zopaka laimu ndi zokulitsa dimba, ndipo za Loweruka lija sanazitchulenso, ngati kuti sizinachitike. Reuben naye akakumana nawo pakhonde la ofesi ankangopereka moni n'kufulumira. Nkhaniyo inatsala ndi mwini wake yekha. Kangapo konse anadzuka pa desiki kuti apite kwa mabwana atsopano akaulule, ndipo kangapo konse anafika pa chitseko chawo chomwe n'kubwerera. Akaulula, Reuben achotsedwa, iwo achotsedwa, ana a Keziya ali pamsewu. Ankadziuza zimenezi, ndipo zinali zoona. Koma ankadziwanso kuti chowabweza chenicheni chinali mantha.

Mafayilo a odulidwa onse khumi ndi atatu ankadutsa pa desiki lawo, chifukwa imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Tsiku lomaliza la mwezi Gertrude anagogoda. Anali atavala chitenge chake chabwino, chikwama chili m'manja, makina ake otayipira atawavundikira kale ndi nsalu. Anakhala pa mpando womwe uja wa maphunziro.

"Nabwera kulayira, ba Kachale. Katundu iyenda ku Mushili pa Saturday, sinizayembekeza three months. Ana akayambe sukulu kwamene kuja."

"Mukakhala bwanji kumeneko, mayi?"

"Akulu anga ali na tebulo pamsika. Nizagulitsako tomato. Koma nipempha kalata ya umboni, ya mawu aja abwino. Kapena tsiku lina kuzapezeka ofesi ifuna wotayipa."

Kalatayo anali ataikonza kale. Anamupatsa, iye n'kuiwerenga chala chikuyenda pansi pa mizere. Atafika pa diligent anamwetulira, pa conscientious anagwedeza mutu. Mawu onsewo tsopano ankawadziwa, ndipo panalibe limodzi labodza. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama. Kenako anayang'ana pansi.

"Munikhululukire, ba Kachale. Nakuchititsani manyazi. Six weeks munasiya kudya chifukwa cha ine, ine nakugwa pa khomo penipeni. Ba Njobvu akuti ninatsala pang'ono chabe. Sembe ninalimbikira."

"Ayi, mayi. Inu simunalakwe."

Mpata unali umenewo. Chitseko chinali chotseka, muofesi munalibe wina. Akanatha kuulula, koma sanatero. Gertrude anapukuta maso ndi nsonga ya chitenge.

"Chimodzi chabe, nisanayende. Munipempherere. Imwe ndimwe munthu wa Mulungu, amakumverani."

Asanayankhe, mayiyo anali atagwada kale pa simenti, pakati pa desiki ndi kabati ya mafayilo, maso atatsinzina. A Kachale anaimirira. Mumtima ankalakalaka kuti lilime liume, kuti pakamwa pakane, kuti mayiyo atsegule maso n'kufunsa chimene chavuta. Koma atangoti "Atate wathu wakumwamba," mawu anabwera okha ngati masiku onse. Anapempherera ulendo wa ku Ndola. Anapempherera ana atatu aja, aliyense ndi dzina lake. Anakumbutsa Mulungu kuti ndiye mwamuna wa akazi amasiye ndi tate wa ana amasiye, kuti amaona zobisika, kuti salola wolungama kusiyidwa. Liwu lawo silinanjenjemere ngakhale pamodzi. Linali pemphero labwino, mwina loposa onse amene anapempherapo pakampanipo, ndipo ankalimva likutuluka m'kamwa mwawo ali ndi mantha aakulu.

"Ameni," anatero Gertrude. Anadzuka, anasasa maondo, n'kuwagwira dzanja ndi manja ake onse awiri, akuthokoza m'Chibemba. "Natotela sana, ba tata. Mtima wanga wakhala pansi manje."

Anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kuima akumuyang'ana akutsika masitepe, akutsanzika mlonda, akutuluka pageti. Kenako anabwerera pa desiki. Fayilo ya mayiyo inali pamwamba pa zinzake, ikudikira siginecha yawo.